Zakuthwa Zimene Ndinabisitsa ku Misuku

Nditalandira kalata yonditumiza ku Chitipa, mayi anga ku Ntcheu anandifunsa kuti ndalakwa chiyani kuntchito. Sindinalakwe kanthu, koma nanenso mumtima ndinkadzifunsa zomwezo. Ndinali ndisanakhalitse pa ntchito ya chisamaliro cha anthu, pepala la kusukulu likadali latsopano m'chikwama. Ndine munthu wa mtima wapachala, izi sindibisa, ndipo masiku amenewo ndinkayesa kuti kuyankhula msanga ndiye kudziwa ntchito.

Gawo langa linali la anthu akuluakulu odwala matenda a maganizo. Za mankhwala si zathu, amenewo ndi a namwino ndi adokotala. Ife timayambira pamene chipatala chalekezera. Munthu akatuluka m'wodi timamuperekeza kwawo, timakhala pansi ndi abale ake, kenaka timamuyendera kuti tione ngati akudya, ngati akumwa mankhwala, ngati sanamumangirirenso kumtengo. Tikabwerako timalemba m'faelo. Masiku otsalawo timakhala tikudikira mafuta a njinga yamoto.

Mu ofesi ndinapezamo mayi wina wachikulire, wobadwira konko, amene aliyense ankangowatchula kuti Amama, ngakhale apolisi ndi anthu a pachipata cha m'malire. Anali aafupi, oyenda ngati sakufuna kufika. Chitumbuka, Chilambya, Chisukwa, zonse zinali pakamwa pawo, ndipo akamatsitsa mtengo wa zinthu kumsika ankathiramo ndi Chiswahili chomwe. Chichewa chawo chinali chosakaniza, cha "yayi" ndi "chomene". Ine ankanditchula kuti adada a mbatatesi, poti ndine wa ku Ntcheu.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kankandipsetsa mtima poyamba. Tikamapita kumudzi, njinga tinkaisiya patali, pa golosale kapena pasukulu, n'kumalizitsa wapansi. Faelo ankaiika m'thumba la kumsika, pansi pa chitenje. Tsiku lina, titakwera mtunda wa ku Mafinga mpaka malaya anga kumatirira kumsana, ndinawafunsa kuti nanga boma linagula njinga kuti izilondera magolosale?

"Adada," anandiyankha, "njinga ya boma ikaima pakhomo, mudzi wonse umadziwa kuti m'nyumbamo muli wamisala. Ife tichoka, koma dzinalo litsala pompo."

Koma mtunda sunafupike.

Munthu amene ndikufuna kunena anali mlimi wa khofi wa ku Misuku, kufupi ndi nkhalango ya Mughese, kumene nkhungu imachoka dzuwa litakwera kale. Anali bambo wa ana anayi. Munda wake unali pamtsetse, gawo la malo amene bambo ake anasiyira ana aamuna, ndipo woyang'anira malo onsewo anali akulu ake, mkulu wa mpingo, munthu wosaseka chisawawa. Matenda anayamba ndi kusowa tulo. Kenaka anayamba kumva mawu ochokera m'mitengo ya khofi. M'mawa wina anatenga chikwanje n'kuyamba kugwetsa khofi wake yemwe, mzere ndi mzere. Akulu ake ndiwo anamulanda chikwanjecho, ndipo polimbana anatemeka pamkono. Kuchipatala cha paboma anafika naye atamumanga ndi malegeni.

Anakhala m'wodi mwezi ndi masiku. Mankhwala anamuyanja, mawu aja anasiya, tulo tinabwerera. Sabata imene ankatuluka, Amama anali kumaliro ku Wenya, choncho womuperekeza ndinali ine ndekha. Ndinakondwa, chifukwa ndinapeza mpata woonetsa kuti nanenso ndimatha. Titafika anandipatsa mpando, abale onse atakhala pamphasa, ine mwendo uli pamwamba pa unzake. Ndinawauza za mankhwala, za tsiku la jekeseni, ndi zoti asamwe mowa. Kenaka ndinayang'ana mkono wa akulu ake, umene unali udakali ndi bandeji, ndipo ndinanena mawu awa:

"Zakuthwa zonse mubise. Asagwire mpeni, chikwanje, nkhwangwa, kaya chilichonse chodula."

Akulu ake anagwedeza mutu n'kubwereza mawuwo m'Chisukwa kuti onse amve. Malangizo amenewa si olakwika. Munthu akangotuluka kumene timanenadi choncho, kwa masabata oyambirira, mpaka tione mmene akukhalira. Koma ine sindinanene kuti mpaka liti. Ndinanyamuka, ndinatsanzika, ndipo m'njira ndinkadziyamikira ndekha kuti ndayankhula zamphamvu.

Zaka ziwiri zinadutsa. Bamboyo ndinkakumana naye kuchipatala chaching'ono cha kwawoko, tsiku limene anamwino a matenda a maganizo ankapitako. Sankaphonya. Ankabwera wosamba, buku la kuchipatala lili m'pepala la pulasitiki, mkazi wake ali pambali. Ndinkamufunsa ngati akugona, iye n'kuti enya. Akudya? Enya. Mawu aja akumvekanso? Yayi. Wamenyapo munthu? Yayi. Ine n'kulemba kuti ali bwino. Kunyumba kwake sindinapitenso, poti mafuta anali ovuta ndipo ndinkawasungira anthu amene mafaelo awo anali ndi mavuto. Pamisonkhano ya kuntchito ndinkamupereka ngati chitsanzo cha munthu wochira.

Tsiku lina kumapeto kwa nyengo yothyola khofi, mkazi wake anatulukira ku ofesi kwathu paboma. Anali atayenda wapansi mpaka kumsewu, n'kukwera matola, fumbi lili m'nsidze. Anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko. Ankayankhula Chisukwa, Amama n'kumanditembenuzira pang'onopang'ono.

Nkhani inali ya munda. Khofi akatha kuthyoledwa amafunika kudulira, kuchotsa nthambi zouma ndi mphukira zosafunika, apo ayi mitengo imangotalika, zipatso n'kumachepa chaka ndi chaka. Wawo unali utakhala zaka ziwiri wosaduliridwa bwino, unasanduka tchire. Tsono akulu aja anali ataitanitsa msonkhano wa banja Lamlungu la sabata yotsatira, kuti mundawo aupereke kwa mwana wawo wamwamuna amene anali atangokwatira. Mayiyo ankadziwa, monga aliyense wa kumeneko, kuti munda ukapita choncho subwerera. Mnyamatayo akabzalamo mbande zake, nkhani yatha. Ana anayi aja akanatsala ndi kadimba ka nyemba basi.

Amama anamufunsa kuti nanga mwini wake osadulira bwanji, poti anachira. Mayiyo anayankha mawu ochepa, maso ali pansi. Amama sananditembenuzire msanga. Anafunsanso kachiwiri, ndipo mayiyo anakweza dzanja pang'ono n'kuloza kumene ndinakhala ine.

"Akuti boma linaletsa," anatero Amama. "Akuti boma lake ndi inuyo, adada."

Choyamba kubwera chinali mkwiyo, monga mwa chizolowezi changa. Ndinati anthuwa ndi otani, zaka ziwiri zathunthu osafunsa? Amama anandisiya ndimalize, kenaka anati anthu a kumapiri kuja munthu wa boma akanena chinthu amachisunga ngati lemba, ndipo wosafunsa pa nkhani imeneyi sanali iwo okha. Anatsegula faelo n'kundionetsa masamba anga onse aja a "ali bwino". Panalibe pamene ndinafunsa kuti bamboyo amatani kukacha. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo ndimawamvabe ndikakumbuka.

Ndinakoka pepala kuti ndilembe kalata yomasula lamulolo, ndiidinde, mayiyo apite nayo. Amama anagwira pepalalo ndi chala chimodzi.

"Mantha sachoka ndi chidindo, yayi. Munamanga ndi pakamwa, pakhomo pawo. Mukamasula pompo."

Koma sanathamange. Tsiku lomwelo anapita kwa namwino wamkulu wa matenda a maganizo, anakhala naye pansi, anaona buku lonse la bamboyo kuyambira tsiku limene anagonekedwa. Atagwirizana kuti panalibe chifukwa choletsera munthuyo kugwira ntchito yake, m'pamene anayamba kuyenda ofesi ndi ofesi kupempha mafuta. Anawapeza Lachinayi, sindikudziwa kuti anamunyengerera ndani.

Lachisanu tinafika ku Misuku cha m'ma teni koloko, njinga tinaisiya pasukulu. Malonje a kumeneko satha msanga. Amayamba ndi "mwaghona", kenaka amafunsa za ana, za kumene mwachokera, za njira, za mvula ya chaka chatha. Ine ndinkangoyang'ana wotchi. Amama ankayankha lililonse ngati tabwera kudzangocheza.

Zimene ndinaona pakhomopo zinandimaliza. M'nyumba ya bamboyo munalibe mpeni ngakhale umodzi. Zitsulo zonse zinali kwa akulu ake, m'sutikesi yachitsulo yokhoma ndi loko: chikwanje, nkhwangwa, sowo yodulira khofi, sizasi, ngakhale lezala. Mkazi wake ankapita m'mawa uliwonse kukabwereka mpeni wa ndiwo, madzulo n'kukabweza. Khasu lomwe anamukaniza, akuti nalonso limadula. Ndevu ankamumeta ndi akulu ake Loweruka lililonse, osaphonya, kuti apite kutchalitchi akuoneka bwino. Tinamupeza atakhala pachitsa kuseri kwa nyumba, akusenda chinangwa ndi zikhadabo. Manja ake anali osalala ngati a kalaliki.

Amama anapempha kuti awaonetse munda, iye yekha, ine ndikutsatira m'mbuyo. Potsetsereka anamufunsa ngati akufuna kuyambiranso ntchito. Iye anati anazolowera, palibe vuto. Amama sanakakamize. Anangoyenda naye m'mizere, akufunsa za mtengo uwu ndi uwo, ngati munthu wofuna kuphunzira ulimi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisanafike pakati, bamboyo anali atayamba kuyankhula, ndipo sanasiyenso. Mtengo uliwonse ankaudziwa, umene anabzala bambo ake, umene unagwidwa ndi mbozi, umene ukanabereka ukanaduliridwa chaka chatha. Panthambi zambiri panali timaluzi ta nthochi tomangirira. Anati amabwera tsiku lililonse kudzamanga timaluzito panthambi zoyenera kudula, kuti tsiku limene mkazi wake abwerekedwa sowo asavutike kusankha. Koma mayiyo ali yekha ndi ana, madzi, nkhuni, nyemba, ndiye timaluzi tambiri tinkangoolera pomwepo. Pamene anagwetsa mitengo tsiku lija anapadutsa osayang'ana.

Titabwerera tinakhala pabwalo la akulu ake. Amama anayamba ndi kuwafunsa za mkono. Bambo aja anapinda malaya n'kuonetsa chipsera, kuchokera pachigongono kutsika. Anafotokoza za m'mawa umene uja, mmene maso a mng'ono wawo anasinthira osawazindikira, mmene ana ankalirira. Anayankhula nthawi yaitali, Amama osawadula. Ndinali nditabwera ndi mtima woti ndikukakumana ndi munthu wadyera wofuna kulanda munda. Amene ndinamupeza anali munthu wamantha, amene zaka ziwiri anasunga kiyi m'thumba la jekete, n'kumameta m'bale wake ndi manja ake, chifukwa ine ndinamuuza choncho. Za munda ankati sangaonerere khofi wa bambo awo akufa.

Kenaka Amama anandiyang'ana. Nthawi ino mpando ndinaukana, ndinakhala pamphasa. Ndinanena m'Chichewa chosavuta kuti lamulo lija linali la masabata ochepa, kuti ndinalakwa posanena tsiku lothera, ndinalakwanso posabwera kudzaona. Ndinati anamwino aona buku lake ndipo munthuyu angathe kugwira ntchito.

Akulu aja anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa mwaulemu ndithu.

"Bwana, ngati munalakwitsa tsiku lija, tidziwa bwanji kuti lero simukulakwitsa? Inu mukwera njinga. Wotsala naye ndine."

Mtima unandikwera. Ndinafuna kunena kuti ine ndinapita kusukulu ya zimenezi, koma ndinaleka, chifukwa funsolo linali loona. Amama ndiwo anayankha. Sanalonjeze kuti matenda sadzabweranso. Anati akhoza kubwera, ndipo chizindikiro chake akuchidziwa kale, poti anachiona okha: munthu akayamba kusowa tulo masiku awiri, atatu, athamange naye kuchipatala osadikira. Anati cholondera ndi tulo, osati sutikesi. Bambo aja anavomera kuti mawuwo ndi abwino, koma dzanja lawo silinapite kuthumba. Nkhuku zinkatola pafupi ndi mphasa.

Pamenepo Amama anasintha nkhani, ngati aiwala chimene tabwerera. Analoza nthochi zazifupi zimene zinali m'mbali mwa bwalo, pamene panalendewera mkoko wokhwima, n'kunena kuti kuboma nthochi zotere sizipezeka. Kumeneko mlendo akayamikira chinthu chakumunda sabwerera chimanjamanja. Akulu aja anadzuka, analowa m'nyumba, tinamva loko akutseguka, anatuluka ndi chikwanje. Amama anaimirira n'kutambasula manja awiri mwaulemu, ngati ofuna kungochiona. Atachilandira anatembenuka, anapita pamene panakhala bambo wodwala uja, n'kumupatsa, chogwirira chili kwa iye.

"Adada, mundidulire. Ine ndigwira mkoko kuti usagwe pansi, zingaphwanyike."

Mkazi wake anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Akulu ake anasuntha phazi limodzi, koma kulanda chinthu m'manja mwa mlendo wachikulire pabwalo pako si zochitika, ndiye anaima pomwepo. Amama anapita panthochi paja, anakumbatira mkokowo ndi manja onse awiri, mutu wawo uli chapafupi ndi pamene chikwanje chimayenera kutera.

Ndinene zoona. Ine, amene ndinalemba kuti "ali bwino" kwa zaka ziwiri, amene ndinali nditangonena pamphasa kuti munthuyu angathe, ndinachita mantha. Ndinaganiza zoti ndidzuke ndikagwire mkokowo m'malo mwawo, koma sindinadzuke. M'pamene ndinadziwa kuti mawu anga aja ndinali ndisanawakhulupirire ndekha. Patapita masiku ndinawafunsa Amama ngati sanaope. Anati anaopa chomene, koma osati munthuyo. Ankaopa chikwanje chobuntha m'dzanja lonjenjemera ndi mankhwala. Anawonjezera kuti sakanachita zimenezo akanapanda kuwerenga buku lake ndi kuyenda naye m'munda, ndipo ndisadzayerekeze kukachita kwina mongotengera. Akazi olimba mtima ndawaonapo, koma wolimba mtima mosamala chonchi sindinamuonenso.

Bamboyo anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana chikwanjecho, anayesa kukamwa kwake ndi chala chachikulu monga amachitira alimi onse. Dzanja linkanjenjemeradi. Anafika panthochi paja, anawapempha Amama m'Chisukwa kuti asunthe dzanja lamanzere litsike pang'ono, iwo anasuntha. Anatema kamodzi, sichinadule. Anatema kachiwiri, mkoko unatsalira m'manja mwa Amama, iwo n'kudzandira nawo chifukwa unali wolemera. Anautsitsa pansi bwinobwino n'kunena kuti yewo chomene.

Bamboyo anapukuta utomoni wa pachikwanje ndi tsamba louma. Kenaka anayenda kupita kwa akulu ake, anawerama pang'ono, n'kuwapatsa chikwanjecho ndi manja awiri. Palibe amene anamuuza kutero.

Akulu aja anachilandira. Anayang'ana mng'ono wawo nthawi yaitali. Kenaka anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kiyi n'kuitana mkazi wa mng'ono wawoyo.

"Mlamu, khofi sadulira ndi chikwanje. Katengeni sowo ndi sizasi m'sutikesimo. Za Lamlungu ndiwauza anthu kuti tayamba taimika."

Mayiyo analowa m'nyumba chothamanga. Anatuluka ndi sowo yadzimbiri ndi sizasi yokulungidwa m'kansanza, n'kuzipereka kwa mwamuna wake. Bamboyo anazigwira pachifuwa, anayamba kulowera kumunda, osatsanzika n'komwe. Koma atayenda mapazi ochepa anaima, anabwerera. Anadutsa akulu ake, anadutsa mkazi wake, anadutsa Amama, n'kudzagwada pamaso panga ine, munthu wamkulu kundiposa, bambo wa ana anayi.

"Bwana," anandifunsa m'Chichewa chake chovutikira, "madzulo ndibweze?"

Ndinati ayi, koma mawu anatuluka aang'ono, osamveka ngakhale kwa ine ndemwe. Misozi inali itandidzadza m'maso ndipo sindinathe kumuyang'ana.

"Kwezani mawu, adada," anatero Amama. "Tsiku lija onse anakumvani. Leronso amve onse."

Ndinapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, ndinamugwira dzanja kuti adzuke, ndipo ndinanena mokweza kuti asabwezenso, zitsulozo n'zake, zizigona m'nyumba mwake. Akulu ake anabwereza mawuwo m'Chisukwa. Bamboyo anadikira mpaka amalize, kenaka anatsetsereka kumunda.